Chilankhulo Chiyambe, Ndege Pambuyo

Ndemanga yathu lero ikukhudza ophunzira a m'sukulu za ukachenjede amene akufuna kukamalizira maphunziro awo kunja, makamaka kumayiko kumene m'kalasi salankhula Chingerezi.

Pa 24 February 2022, asilikali a Russia atalowa m'dziko la Ukraine, ophunzira zikwizikwi a ku Africa anathawa m'mizinda ya Kharkiv, Sumy ndi Kyiv. Ambiri ankaphunzira zaudokotala, ndipo ankaphunzira m'Chingerezi. Ena anali m'chaka chachinayi, ena chachisanu, atatsala pang'ono kuvala chijasi choyera. Amene anakafika ku Germany mitima yawo inakhala pansi, poganiza kuti akangoonetsa mapepala apitiriza pamene analekezera. Zinakanika. M'mayunivesite a boma kumeneko zaudokotala zimaphunzitsidwa m'Chijeremani, nayenso wodwala pabedi amabuula m'Chijeremani. Mizinda ya Berlin ndi Hamburg inawapatsa miyezi isanu ndi umodzi yoti apeze malo a sukulu, ndalama ndi chilankhulo. Koma chilankhulo si phala loti madzi akawira lapsa.

Ana amenewo sitingawanene, nkhondo sipangana tsiku. Tikunena wathuyu, amene ali m'chaka chachiwiri ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda, n'kumalota Germany chifukwa anamva kuti kulibe fizi. Iyeyu nthawi ali nayo, koma imathera pa pasipoti, pa viza ndi pofunsa mtengo wa ndege. Mukamufunsa za chilankhulo amati, "Tikaonera komweko."

Zoti kulibe fizi n'zoona m'mayunivesite ambiri a boma, ngakhale chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba mu 2017 kulipiritsa alendo ochokera kunja kwa European Union mayuro 1,500 pa semesita. Chimene sichimanenedwa kawirikawiri n'chakuti madigiri oyamba ambiri amaphunzitsidwa m'Chijeremani, ndipo pakhomo pali mlonda. Mlondayo ndi mayeso a Chijeremani otchedwa DSH kapena TestDaF. Pa TestDaF amayesa kuwerenga, kumva, kulemba ndi kulankhula, ndipo mayunivesite ambiri amafuna giredi 4 pa zinayi zonsezo. Ku Ulaya luso la chilankhulo analiika m'makwerero asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo wofuna kumva bwinobwino zimene mphunzitsi akunena ayenera kufika cha pa C1. Bungwe la Goethe-Institut limawerengera kuti kufika pamenepo pamafunika maphunziro osachepera 800 a mphindi 45. Amenewo ndi maola 600. Munthu wophunzira maola awiri tsiku lililonse, osajomba ngakhale Lamulungu, amatha miyezi khumi.

Tsono funso n'lakuti miyezi khumiyo ikathere kuti. Kuyambira September 2024, wopempha viza ya sukulu amayenera kuonetsa mayuro 11,904 mu akaunti yotsekedwa, imene imatulutsa mayuro 992 okha pamwezi. Mwana akanyamuka asakudziwa ngakhale moni, ndalama imeneyo, yomwe mwina yachokera pa kugulitsa puloti kapena ng'ombe za agogo, imathera pa lendi ndi buledi iye akuphunzira a, e, i, o, u wa eni dziko. A1 ndi A2 akanaziphunzira ali pakhomo, akudya nsima ya mayi ake, pa foni yomweyo imene amaonerapo mpira. Ena amati akadzithandiza ndi maganyu. Lamulo limalola wophunzira kugwira ntchito masiku 140 athunthu pachaka, koma ganyu yabwino imapita kwa amene angamve zimene bwana akunena. Wosamva amatsuka mbale.

Tibwere ku nkhani ya zaka zimene waphunzira kale. Makolo ambiri amaganiza kuti zaka ziwiri za kuno zimasinthidwa ngati makwacha pa bureau, upereke ziwiri ulandire ziwiri. Ayi ndithu. Ku Ulaya maphunziro amawerengedwa m'makirediti a ECTS, 30 pa semesita, ndipo digiri ya zaka zitatu imakhala ndi 180. Komiti ya mayeso ya pa yunivesite imatenga phunziro lililonse palokha, n'kuona zimene munaphunzira, maola ake ndi mayeso ake, kenako n'kugamula. Ikhoza kuvomera theka, ikhoza kukana zonse. Transcript yokha sikwanira, amafunanso kafotokozedwe ka phunziro lililonse kochokera kusukulu yakale, ndipo zimenezi zimavuta kuzitolera munthu ali kutsidya la nyanja, akudalira msuweni kuti akagogode m'maofesi. Amene satifiketi yawo ya sekondale aiona kuti sikufika pa Abitur, satifiketi ya sekondale ya kumeneko, amayamba alowa kalasi yokonzekera yotchedwa Studienkolleg chaka chathunthu, ndipo nakonso salowa wosadziwa Chijeremani.

Izi sizachilendo kwa ife. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza zaudokotala pa Meharry Medical College ku Tennessee mu 1937, koma pepala la ku America silinali lokwanira kugwirira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Anakalowanso m'kalasi ku Edinburgh mpaka 1941. Ngati dokotala wathunthu anabwerezedwa, kuli bwanji wa chaka chachiwiri? Ndipo akuluakulu akukumbukira kuti atabwera mu 1958 ankalankhula pamisonkhano kudzera mwa womasulira. Lilime limatsata kumene ukuligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Alipo otsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amati chilankhulo chimalowa msanga ukakhala pakati pa eni ake, pamsika ndi m'basi. N'zoona, koma chimalowa mwa munthu amene ali kale ndi poyambira. Wofika wopanda kanthu amathawira kwa alendo anzake olankhula Chingerezi, chaka n'kutha akudziwa "danke" yekha. Amatinso mayiko ena amaphunzitsa okha chilankhulo chawo. Inde, ku Russia kuli chaka chokonzekera chophunzira Chirasha, ndipo maphunziro olipiridwa ndi boma la China amapereka nthawi ya Chitchaina munthu asanayambe digiri. Koma pamapeto pake pali mayeso, ndipo wolephera salowa m'kalasi. Pamene Confucius Institute ya University of Malawi ikuphunzitsa Chitchaina konkuno, kudikira kukayambira ku Beijing n'kudzimana dala.

Pomaliza, mawu kwa inu makolo ndi amalume amene mukusonkha ndalama. Mwana asatsanzike kusukulu yake yakale asanalandire kalata yonena maphunziro amene avomerezedwa uko. Mufunsenso ku National Council for Higher Education ngati pepala limene akukalitengalo lidzalandiridwe akadzabwerera. Ndipo muwerengere kalendala chobwerera m'mbuyo. Ku Germany semesita yaikulu imayamba mu October, ndipo mayunivesite ambiri amatseka kulandira makalata pa 15 July. Chotsani miyezi khumi ya chilankhulo, muchotsenso nthawi yolembetsa mayeso ndi yodikira zotsatira. Wofuna kukakhala m'kalasi October wa chaka chamawa, buku lake la Chijeremani liyenera kutsegulidwa mvula ya chaka chino isanagwe.