Feira asanagule gireda, ayambe wafunsa za masipeya

Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama zachitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, makhonsolo ambiri mu Zambia akhala akudzigulira magireda, makatapila ndi malole otuta dothi. Ganizoli ndi labwino. Koma m'boma la Luangwa, lomwe ambiri amalitchabe Feira, mtengo usakhale chinthu choyamba kuyang'ana pa tenda. Funso loyamba likhale lakuti makinawo akafa adzabwera kudzawadzutsa ndani, patapita masiku angati, ndipo masipeya adzachokera kuti.

Nkhani yagona pa mtunda ndi nyengo. Kuchoka ku Lusaka kufika pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pali makilomita oposa 300. Msewu wochokera pa mlatho wa Luangwa uli ndi tala, koma njira zolowera m'midzi ya mfumu Mburuma ndi mfumu Mphuka, zomwe odwala amadzera popita ku chipatala cha Katondwe, nzadothi, ndipo zimafunika kupalidwa mvula isanagwe. M'chigwa chimenechi kutentha kwa mu October kumapitirira madigiri 40. Fumbi limatseka masefa, injini imawira, mapaipi a mafuta okankha mpeni amaphulika. Gireda imafuna oyilo ndi masefa atsopano pakatha maola 250 kapena 500 aliwonse, ndipo ikaima mwezi umenewo kudikira paipi imodzi yoitanitsa kunja, ntchito ya chaka chonse yapita. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno: sipeya yomwe ili pa sitima ya pamadzi sipala msewu.

Ena anena kuti makina okhala ndi ogulitsa okhazikika, monga a Caterpillar omwe amabwera kudzera ku Barloworld Equipment, ndi okwera mtengo, ndipo ndalama yapamwambayo ikanamanga kalasi. Nzoona, koma mtengo weniweni wa gireda umadziwika ukawerenga maola omwe yagwira ntchito, ndipo yotchipa yomwe yakhala pamiyala miyezi isanu yadya kalasiyo kale. Dzina silofunika kwenikweni: wogulitsa makina a ku China amene ali ndi nkhokwe ya masipeya ndi amakaniko ku Lusaka nayenso akuyenera. Enanso akuti kuli bwino kubwereka makina kwa makontilakitala kapena kudalira a Zambia National Service. Vuto nlakuti m'chilimwe boma lililonse limawafuna, ndipo kukweza katapila pa lole kupita naye kumapeto kwa msewu nkubwerera kumalipiritsa dera lakutali koposa lapafupi.

Choncho khonsolo, isanasayine, itume anthu akaone nkhokwe ya masipeya ya wogulitsa ndi maso. Mgwirizano ulembe masiku omwe makaniko ayenera kufikira ku Feira, chilango akachedwa, ndi udindo wophunzitsa oyendetsa ndi amakaniko a m'deralo. Ndalama za sevesi zipatulidwe tsiku logula lomwelo, ndipo wogulitsa wokana mfundozi asapatsidwe tenda.