Msewu wa tara wafika, nanga wapanjinga adzere pati?

Aphunzitsi anzanga, ambiri a inu bukuli mukuliwerenga madzulo mutangotsamiritsa njinga pakhonde. Mwapalasa mtunda kuchokera kusukulu, makope a ana ali pakaliyala. Ndiye ndikufunseni: lero mwapatuka kangati pamsewu kulowa m'maudzu pothawa lole? Mwina simunawerenge n'komwe, poti tinazolowera. Kuzolowera kumeneku ndiye nkhani yanga, ndipo chitsanzo ndichitenga ku Mbamba Bay, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania, moyang'anana ndi Nkhata Bay.

Boma la Nyasa, lomwe likulu lake ndi Mbamba Bay, linadulidwa ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012. Kwa zaka zambiri ulendo wochoka ku Mbinga kutsetsereka mapiri a Amatengo mpaka kunyanja unali wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Tsopano pali msewu wa tara wa makilomita 66, ndipo mu Seputembala 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anautsegulira, n'kuikanso mwala wa maziko a doko latsopano la Mbamba Bay. Msewuwu ndi chigawo chomaliza cha njira yaitali yochokera ku doko la Mtwara kudzera ku Masasi, Tunduru ndi Songea, imene mayiko a Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zambia anagwirizana mu 2004 kuti aitukule. Musandimve molakwa. Msewuwu ndi wabwino. Mayi wodwala amafika msanga kuchipatala, usipa umafika kumsika usanaonongeke. Aliyense amene anagonapo panjira galimoto itatitimira sangaulirenso msewu wakale.

Koma tara amabwera ndi mnzake, dzina lake liwiro. Pamsewu wa maenje dalaivala amayenda mokwawa, afune asafune. Maenjewo, ngakhale tinkawatukwana, ndiwo ankateteza wapanjinga. Akachoka, pamafunika china cholowa m'malo mwake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afe chimakula kuposa kanayi poyerekeza ndi yothamanga makilomita 50. Taonani, kusiyana kwa 15 kokha basi. Bungwe lomwelo, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Linatinso ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Amenewatu ndi ana a m'kalasi mwanu, komanso ambiri a inu eni ake.

Wina anena kuti walira mvula walira matope. Ndi zoona, koma matope a pakhomo timathirapo mchenga, sitimangowayang'ana.

Taimani m'mbali mwa msewu wolowa m'tauni ya kunyanja m'mawa sukulu isanayambe. Mudzaona bambo ali ndi dengu la nsomba kumbuyo, wina matumba awiri a makala otambalala kuposa njinga, mayi wanyamula chinangwa, mnyamata wa sekondale wakweza mng'ono wake pafelemu. Pakati pawo pakudutsa abodaboda, amene kwathu kuno alanda ntchito ya njinga zonyamula anthu, ndipo kumbuyo kukulira hutala ya basi. Malo a wapanjinga ndi kamphepete kaja ka kuseri kwa mzere wa penti. Kutchire kamphepeteko kamathandiza ndithu. Koma mukangofika pamalo a malonda, pomwe anthu achuluka, kamatha: apa paima lole, apa wina wayala tomato, apo abodaboda akudikira makasitomala. Wapanjinga amakakamizika kulowa pakati pa msewu pamalo penipeni poopsa. Penti siimitsa lole, anzanga.

Nanga atsogoleri athu bwanji salankhulapo? Sindikhulupirira kuti ndi nkhanza. Choyamba n'chakuti amene amagamula za misewu sapalasa njinga. Msewu amauonera pawindo la galimoto, ndipo kuchokera pamenepo wapanjinga amaoneka ngati chopinga, wochedwetsa ulendo. Kwa ambiri a ife njinga ndi chizindikiro cha umphawi, chinthu chimene munthu amachisiya akapeza bwino, ndiye ndani angaikire ndalama chinthu chimene aliyense akulakalaka kuchithawa? Chachiwiri, pamsonkhano wa kampeni makilomita a tara amaombetsa m'manja. Doko limaombetsa m'manja. Kanjira ka njinga ka mamita 500 kuchokera pamsika kukafika pasukulu palibe amene angadzadule liboni pamenepo. Chachitatu ndi chimene chimandipweteka kwambiri: ngozi zathu siziwerengedwa. Wapanjinga akagwetsedwa, nkhani imathera pomwepo. Dalaivala amatulutsa kangachepe kogulira wilo, wovulalayo amatsimphina kupita kwawo, kupolisi sikupita munthu. Ndiye mkulu wa ku ofesi akatsegula buku amapeza kuti pamalopo palibe vuto. N'chifukwa chake chiwerengero cha imfa zapamsewu chimene WHO imayerekeza m'mayiko ambiri a mu Africa, Tanzania yomwe, chimaposa kangapo chimene chimalembedwa m'mabuku a boma.

Malonjezo okha alipo. Mu 2020 nduna za mayiko ambiri zinakumana ku Stockholm n'kugwirizana kuti pamalo pomwe galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisamapose makilomita 30 pa ola. Chaka chomwecho bungwe la United Nations linaika cholinga chochepetsa ndi theka imfa zapamsewu pofika 2030. Funsani khansala wa kwanu, kapena diwani monga amanenera ku Tanzania, ngati nkhaniyi inakambidwapo pamsonkhano wa khonsolo.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza. Apanjinganso ali ndi mlandu. Mabuleki ndi chidendene, usiku nyali palibe, wina amakhota osakweza mkono, wina watuluka kumowa. Inde, ndipo izi tiziwaphunzitsa ana mosanyengerera. Koma munthu aliyense amalakwitsa, dalaivala yemwe. Funso n'lakuti mwana wa zaka khumi akalakwitsa kamodzi, chilango chake chikhale imfa? Pamsewu wa liwiro lochepa amakhala ndi chilonda pabondo. Pamsewu wa liwiro lalikulu timakagula nsalu ya maliro.

Za ndalama nazonso musapusitsidwe. Ku Dar es Salaam bungwe lina lotchedwa Amend linayambitsa ntchito ya SARSAI. Iwo amapita pasukulu pomwe ana amagundidwa kawirikawiri, n'kuona mmene anawo amayendera, kenako amaika mahampu, tinjira ta oyenda pansi, zikwangwani, malo owolokera, pena kungosuntha geti ya sukulu kuti isayang'ane kumsewu waukulu. Kafukufuku anaonetsa kuti kuvulala kwa ana pasukulu zimenezo kunatsika ndi 26 pa 100 aliwonse, ndipo mu 2019 ntchitoyi inapata mphoto ya WRI Ross Prize for Cities. Zinthu zimenezi mtengo wake ndi wochepa kwambiri mukauyerekeza ndi wa kilomita imodzi ya tara. Mumzinda womwewo, pomanga msewu wa mabasi achangu wa Morogoro Road umene unayamba kugwira ntchito mu 2016, anasiya malo a oyenda pansi ndi apanjinga. Choncho luso lilipo m'dziko momwemo. Chikusowa ndi munthu wolikokera kunyanja.

Ine ndinatsegula maso chifukwa cha mtsikana wina wa m'kalasi mwanga. Anayamba kuchedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ine, osafunsa, ndinkamupatsa tsache. Patapita milungu ndinamva kuti makolo ake anamulanda njinga mnzake atagwetsedwa ndi galimoto, ndiye ankayenda wapansi mtunda wonsewo. Ndinali kulanga mwana chifukwa cha msewu. Mpaka lero ndimachita manyazi. Inuyo mukaona kaundula wa ochedwa ndi ojomba, mudzifunse kuti angati alimo chifukwa chomwechi.

Ife aphunzitsi timakonda kuthera pa nyimbo ya kuyang'ana kumanja ndi kumanzere. Ndi yofunika, koma ikakhala yokha imasenzetsa mwana katundu wa akuluakulu. Muli ndi chida chimene andale alibe: ana makumi angapo odziwa kuwerenga, ndi kope. Pa phunziro la masamu, kwa sabata imodzi, anawo ataima kuseri kwa mpanda, awerenge njinga, njinga zamoto ndi malole odutsa pageti kuyambira 6:30 mpaka 7:30. Pa phunziro la malo ajambule mapu a njira zawo, n'kuika chizindikiro pomwe anagwapo kapena pomwe amaopa. Lembani tsiku ndi malo a ngozi iliyonse, ngakhale imene inathera pa ndalama ya wilo. Mayina a ana musawalembe.

Kenako dziwani khomo logogoda, chifukwa ambiri timatopa ndi kutumizidwa uku ndi uku. Ku Tanzania misewu ikuluikulu, monga uwu wochokera ku Mbinga, ili m'manja mwa TANROADS, pomwe misewu ya m'midzi ndi m'matauni ili m'manja mwa TARURA, imene inakhazikitsidwa mu 2017. A ku Malawi muli ndi Roads Authority ndi makhonsolo, a ku Zambia Road Development Agency. Musapite nokha ngati mphunzitsi wodandaula; inu ndi wantchito wa boma, ndipo tikudziwa mmene kalata yotero imabwererera. Pepalalo lidzere ku komiti ya sukulu, liwerengedwe pamsonkhano wa mudzi, makolo alitengere kwa diwani. Ndipo musapemphe "chitetezo pamsewu", poti ameneyo aliyense amavomera n'kuiwala. Pemphani chinthu choloza ndi chala: hampu apa, malo oimika malole apo, kanjira kolekanitsidwa ndi msewu kuchokera pamsika kukafika pageti.

Doko la Mbamba Bay ndi lomangidwira katundu wambiri, ndipo katundu wofika pamadzi amachoka pa malole. Misewu ina ya m'mbali mwa nyanja, yopita cha ku Liuli ndi Lituhi, anthu akuipempherera kuti ikonzedwe bwino. Akatswiri akabwera ndi zoyezera zawo, kope lija likhale lili kale patebulo la diwani, chifukwa kanjira ka njinga n'kosavuta kukajambula papepala ngalande zisanakumbidwe.