PA NTHAWI YA KUPUMA: Kusankha Bwalo Lolumphira M'ndege Mukasamuka



Inu amene mugwira nchito ca ku Carletonville mudziwa kale zimene zioneka kumwamba pa Loweruka ndi pa Sabata kunja kukaca bwino. Kandege kazungulira-zungulira mpaka kacepa ngati kambalame, ndipo patapita kanthawi muona nsaru za mawanga-mawanga zirikutsika, munthu alikulendewera kunsi kwace. Amenewo ndiwo anthu a masewera olumpha m'ndege ndi parachuti. Kale tinkati zimenezi nza asilikali okha, koma masiku ano munthu ali yense wa thupi labwino, amene ali ndi ndarama zace, akhoza kupita kukayesa kapena kulowa sukulu yace. Tsono munthu wa pa mgodi sakhala malo amodzi. Caka cino ali ku golide, caka ca mawa shafu yatsekedwa, wapita ku platinamu ku Rustenburg kapena ku malasha ku eMalahleni. Cotero sabata lino tikambe za m'mene munthu wokonda masewerawa ayenera kusankhira bwalo lolumphira akafika ku dera lacilendo.

Mau anga akuru ndi awa: bwalo lolumphira muliyese monga muyesera malo ogwirako nchito pansi. Palibe munthu wanzeru amene alowa m'malo atsopano nayamba kuboola asanagogode denga ndi citsulo kuti amve kulira kwa mwala. Ndiponso mudziwa kuti ngakhale munagwira zaka khumi ku mgodi wina, mukalembedwa ku mgodi watsopano akubwezani ku sukulu masiku angapo kuti muphunzire njira ndi malamulo a pamenepo. Kumwambanso ndi cimodzimodzi. Katswiri wa bwalo lina akafika pa bwalo latsopano ndi mlendo, ndipo akuru anati safunsa anadya phula.

MABWALO ALI KUTI

Johannesburg Skydiving Club, ngakhale dzina lace liri la Joni, ilumphira pa bwalo la ndege la ku Carletonville, pakati pa migodi ya golide. Pretoria Skydiving Club iri pa Wonderboom, kumpoto kwa Pretoria. Kulinso malo olumphira ku Parys, kufupi ndi mtsinje wa Vaal, ndipo ku Rustenburg ndi ku eMalahleni, kumene kale kunali kuchedwa Witbank, anthu akhala alikulumpha zaka zambiri. M'mbali mwa nyanja kuli malo kufupi ndi Melkbosstrand kumpoto kwa Cape Town, ku Mossel Bay, ndi ku Swakopmund m'dziko la Namibia.

Koma makalabu ena atsekedwa ndipo ena asamuka, cotero musaononge ndarama ya basi musanafunse. Mu South Africa bungwe loyang'anira masewerawa ndi Parachute Association of South Africa, limene mwacidule alicha PASA. Ndilo lipereka malaisensi a olumpha, kuyambira A mpaka D, ndipo ndilo lisunga maina a mabwalo obvomerezeka. Funso lanu loyamba likhale lakuti, kodi bwalo lino liri pansi pa PASA? Akayamba kuzungulira-zungulira poyankha, tengani cipewa canu, bwererani.

KUTALIKA KWA NTHAKA

Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville komweko, utsika pafupi makilomita 4 pansi pa nthaka. Olumpha akwera monga mapazi 10,000 pamwamba pa nthaka, ndiye kuti makilomita 3. Inu mudziwa kuti pansi mpweya ulemera ndipo makutu atseka m'keji. Kumwamba mpweya upepuka. Cimene alendo ambiri aiwala ndi cakuti nthaka yeniyeniyo siilingana kutalika. Mabwalo a ku Carletonville ndi ku eMalahleni ali monga mapazi 5,000 pamwamba pa nyanja, la ku Wonderboom monga mapazi 4,100, la ku Rustenburg liri pansi pa 4,000, pamene a ku Cape ndi ku Swakopmund ali pafupi kulingana ndi nyanja yomwe.

Parachuti itsamira pa mpweya. Mpweya ukacepa, parachuti yomweyo ithamanga koposa ndi kutsika msanga, ndipo kukatentha mpweya ucepanso kuonjezera pamenepo. Munthu amene anazolowera kutera mofewa ku Cape akafika ku Carletonville masana otentha a December, adzaona nthaka irikumthamangira, ndipo akacedwa pang'ono kukoka zingwe zoimitsira, akakolo ndiwo alipira. Ncifukwa cace mphunzitsi wanzeru akhoza kuuza mlendo wocokera kunyanja kuti ayambe ndi parachuti yokulirapo. Musayese kuti alikukunyozani.

Ndege nayonso ibvutika ndi mpweya wocepa, ndipo ikwera mocedwa. Tsono poyerekeza mitengo ya mabwalo awiri, funsani kuti akufikitsani mapazi angati kuwerengera kucokera pa nthaka ya bwalolo. Mapazi 10,000 owerengera kucokera pa nyanja, pa bwalo la mapazi 5,000, ndi theka cabe. Munthu wogwa parachuti isanatseguke athamanga pafupi makilomita 200 pa ora, ndiye kuti adya mapazi 1,000 m'masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Mapazi ali onse amene akucepetserani ndi nthawi yanu imene yacepa.

MPHEPO NDI POTERA

Dera liri lonse liri ndi khalidwe lace. Ku migodi ya golide ndi ya malasha, m'miyezi ya mvula mitambo ya mabingu ikonda kusonkhana masana, cotero wolawira m'mawa ndiye alumpha. M'mwezi wa August kuli mphepo yambiri, ndipo masana ouma otentha pauka akamvulumvulu amene akhoza kupinda parachuti munthu ali pafupi ndi nthaka. Ku Cape mvula ibwera m'miyezi ya cisanu, ndipo m'nyengo yotentha kuomba mphepo yamphamvu yocokera kum'mwera cakum'mawa. Ku Swakopmund m'mawa mwambiri kukhala nkhungu yocokera kunyanja. Munthu wa mashifiti, amene tsiku lace lopuma ndi limodzi, ayenera kudziwa zimenezi asanasankhe, cifukwa bwalo lakutali likhoza kumdyera tsiku lonse ndi ndarama ya ulendo nabwerera osakwera ndege.

Mukafika, yendani ndi miyendo pa malo otera. Onani kumene kuli nthambo za magetsi, mipanda ya waya, miseu, mitsinje ndi madamu a matope a mgodi. Pemphani akuonetseni cithunzi ca bwalolo cojambulidwa kumwamba, akulozereni malo ena otera mphepo ikakutengerani kutali. Funsani mbali imene onse azungulira potsika, pakuti anthu awiri ozungulira mosiyana akhoza kuombana. Pa bwalo monga Wonderboom, pamene pali ndege zina zambiri ndi masukulu a oyendetsa ndege, funsaninso malo amene simuloledwa kudutsa.

NDEGE NDI ZIDA

Za ndege ife sitisowa wotiuza. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu 78 anafa, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwao atatha kontrakiti. Cifukwa cace cinali mafuta osakanizika ndi mafuta a mtundu wina. Cinthu cacing'ono cimene sicinayang'aniridwe cinaliritsa midzi yambiri. Cotero musacite manyazi kufunsa kuti ndegeyo aikonza ndani, ndiponso onani ngati woyendetsa ayang'ana mafuta ndi kuzungulira ndege yace m'mawa asananyamuke. Mabwalo ena ali ndi tindege monga Cessna 182, tonyamula olumpha anai, ndipo ena ali ndi ndege zazikuru zonyamula anthu oposa khumi zimene zikwera msanga. Ndege yaikuru icepetsa kudikira, koma kukula kwace sikunena kanthu za kasamalidwe kace.

Wolumpha ali yense abereka maparachuti awiri, yaikuru ndi ina yodikira tsoka. Yaciwiriyo ipindidwa ndi mmisiri wa cikalata yekha, amene aimanga ndi kaulusi ndi cidindo ca mtobvu, nalemba tsiku pa kakhadi kokhala m'cikwama comweco. Iyenera kumasulidwa ndi kupindidwanso pa nthawi yace, ngakhale sinagwire nchito. Ku America lamulo liti masiku 180. Ngati mubwereka zida za kalabu, pemphani muone kakhadiko ndi maso anu, monga muyang'anira nyali yanu musanalowe m'keji. Funsaninso ngati m'cikwamamo muli kamakina kotsegula parachuti yaciwiri munthu akakomoka. Kochuka kwambiri ndi Cypres, kamene kanaturuka ku Germany mu 1991. Kakaona kuti munthu alikugwabe mwaliwiro atafika monga mapazi 750, kadula cingwe cotsekera ndipo parachuti ituruka yokha.

MUNTHU WOKHOZA KUKANA

Koma zonsezi ziposedwa ndi cinthu cimodzi. Bwalo liri lonse lobvomerezeka liri ndi mkuru wa aphunzitsi, amene mau ace ndiwo otsiriza. Ndikupemphani kuti Loweruka lanu loyamba mukangokhala pansi tsiku lonse osalumpha, mulikuonerera. Kodi mphepo ikakula alipo amene aimitsa ndege, ngakhale alendo a ndarama ali pa mzere? Kodi anthu ayang'anirana zomangira ndi zogwirira asanakwere? Kodi wina akatera mwacibwana pakati pa anzace, mkuruyo amuitana pambali? Kodi mowa udikira mpaka ndege yotsiriza itatera? Lamulo la citetezo ca m'migodi la 1996, pa gawo 23, lipatsa wanchito ufulu wocoka pa malo oopsya. Mudziwa kusiyana kwa kapitao amene alemekeza ufulu umenewu ndi kapitao amene angofuna matani. Funani bwalo la kapitao woyambayo.

Bwalo labwino lidzakubvutitsani pang'ono tsiku loyamba. Adzafuna laisensi yanu ndi buku limene mulembamo maulendo anu, adzayang'ana zida zanu, ndipo ngati papita miyezi musanalumphe adzakubwerezetsani maphunziro a tsoka kapena kukukwezani ndi mphunzitsi. Kondwerani nazo. Amene angofuna ndarama yanu osafunsa dzina la bwalo limene mwacokera adzacita comweco ndi mlendo wina amene adzakhala pambali panu kumwamba.

Bungwe la olumpha la ku America linawerenga kuti mu 1 caka ca 2023 anthu 10 anafa mwa kulumpha kokwana 3,650,000. Ciwerengero cimeneci ncocepa, ndipo cinacepa cifukwa ca malamulo omwe ndachulawa. Dziwaninso kuti ngozi zambiri zicitika parachuti itatseguka bwino lomwe, munthu pokhota mwamphamvu ali pafupi ndi nthaka kapena poombana ndi mnzace. Izi nza khalidwe la anthu, ndipo khalidwe muliona mutakhala pansi.

THUPI NDI THUMBA

Potsiriza ndinene za inu eni. Munthu wolumpha ku Carletonville afika pa mtunda wa mapazi 15,000 pamwamba pa nyanja, pamene mpweya sufikanso magawo atatu mwa asanu a mpweya wa kunyanja. Ngati munadwalapo cifuwa cacikuru, kapena dotolo anaona pfumbi la mwala m'mapapo anu, kapena muli ndi nthenda ya mtima, yambani mwaonana ndi dotolo ndipo mumuuze zoona. Ndi cimfine cotseka makutu musakwere. Kwa ofuna kulumpha atamangidwa pamodzi ndi mphunzitsi, kumene acha tandem, mabwalo ambiri aika malire a kulemera pafupi makilogramu 100, cotero funsani musananyamuke.

Masewerawa ngodula. Ulendo umodzi wa tandem udya marandi zikwi zingapo, ndipo sukulu yonse idya zambiri koposa. Ndarama ya fetereza ndi ya fizi ya ana ipite kumudzi poyamba. Kumbukiraninso kuti cipepeso ca obvulala pa mgodi ndi ca ngozi za pa nchito. Mwendo wothyoka pa bwalo lolumphira tsiku la Sabata suwerengedwa pamenepo, ndipo munthu wosakhoza kupambana kwa dotolo wa mgodi satsika pansi. Pa bwalo adzakupatsani pepala lakuti mwabvomera nokha kuopsya kwa masewerawa. Liwerengeni lonse musanasaine, kapena wina akuwerengereni m'cilankhulo cimene mumva. Yang'ananinso mapepala anu a inshuwalansi, cifukwa ena sawerengera masewera oopsya, ndipo funsani pa bwalopo kuti cipatala ciri mtunda wotani ndi kuti wobvulala amtengera pa ciani.

Mukayesa zonsezi, mwina mudzapeza kuti bwalo loyenera si lija liri pafupi ndi komboni kapena lochipa. Pitani ku loyeneralo, ngakhale kutero kucepetse maulendo anu pa mwezi. Kumudzi alikudikira munthu wamphumphu.