MLANDU SUOLA: TIKONZE MABUKU A ASILIKALI ATHU OMWALIRA

Pali ntchito ina m'maofesi a Boma imene imaoneka yaing'ono, chonsecho imakhudza ulemu wa mtundu wonse. Ntchitoyi ndi yokonza zolakwa zimene zili m'mabuku a usilikali a munthu amene adamwalira, pamene mkazi wake wamasiye, ana ake kapena adzukulu ake abwera kudzapempha. Ife tikuti pempho lotere ndi loyenera, ndipo kalaliki aliyense amene lamufikira ayenera kulilandira ndi manja awiri. Tikutinso kukonzako kuyenera kutsata umboni, pakuti buku la Boma silingafufutidwe ndi chikhatho monga achitira mwana pa bolodi la kusukulu.

Anthu a ku Mzilawaingwe, Chiputula, Zolozolo ndi madera ena a mzinda wa Mzuzu amamva dzina la Moyale tsiku ndi tsiku, popeza ndilo dzina la kampu ya asilikali ya mumzindamo ndiponso la timu yawo ya mpira. Koma ndi angati mwa iwo amene amadziwa kumene dzinali lidachokera? Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Kumeneko, m'mwezi wa Julaye 1940, kagulu ka asilikali a Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, ochokera m'dziko lino, kadalimbana masiku angapo ndi chikhamu cha asilikali a Italy chimene chidawazinga, kenaka nkutulukamo usiku. Dzina la malowo tidalisunga bwino. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi maina a anthu amene adamenya nkhondoyo tidawasunganso chimodzimodzi?

Anthuwo sadali ochepa. Pa Nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, imene kwathu kuno idafika poyera ndi kumenyana kwa ku Karonga pa 9 Sepitembala 1914, dziko lino lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Pa Nkhondo Yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, amuna oposa 25,000 adavala yunifomu. Adafika ku Somaliland m'chaka cha 1940, ku Madagascar m'chaka cha 1942 ndi ku Burma m'chaka cha 1944. M'zaka zoyambirira za m'ma 1950 ena adatumizidwa ku Malaya. Ndi midzi yowerengeka ku Mzimba, Rumphi, Karonga, Chitipa ndi Nkhata Bay imene ilibe manda a munthu amene adapitako, kapena banja limene munthu wake adapita osabwerera.

Tsono zolakwa zidalowa bwanji m'mabukumo? Wolemba anthu usilikali kawirikawiri adali Mzungu kapena kalaliki wa chilankhulo china, ndipo ankalemba dzina monga khutu lake lamvera. Mnyamata ankatha kutchula dzina lake la ubwana ndi la bambo wake, nkusiya mfunda wake, umene kumpoto amati chiwongo. Atabwera kunkhondo ankadziwika ndi dzina la ubatizo, ndipo ana ake adalembetsa kusukulu ndi mfundawo. Motero munthu mmodzi ali ndi maina awiri: lina m'kaundula wa Keyala, lina pamanda. Zaka zobadwa zinali zongoyerekeza poyang'ana msinkhu, pakuti zikalata za kubadwa kudalibe. Ndiponso popeza atsamunda ankakhulupirira kuti Ayao ndiwo odziwa nkhondo, ena a mitundu ina ankangovomera kulembedwa Ayao kuti awalandire msanga.

Maina a malo nawonso adasintha. Boma la Mzimba lidayamba latchedwa Mombera, Karonga idali North Nyasa, Chitipa idali Fort Hill, Chilumba idali Deep Bay. Mzuzu weniweniyo adayamba kukula nkhondo itatha kale, ndi minda ya mitengo ya tung ya m'ma 1940, ndipo adakhala mzinda m'chaka cha 1985. Kalaliki wachinyamata amene afuna mawu oti Mzuzu pa khadi la msilikali wa 1942 adzafufuza mpaka dzuwa kulowa osawapeza, kenaka adzauza banja kuti munthu wawo mulibe. Pamwamba pa zonsezi, moto umene udatentha maofesi a likulu la Boma la atsamunda ku Zomba m'chaka cha 1919 udawononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira.

Tisabise mawu: zolakwa zina zidadza chifukwa olamulira a nthawi imeneyo sankawerengera moyo wa munthu wakuda. M'mwezi wa Epulo 2021, bungwe loyang'anira manda a ofera kunkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa muno, amene adafa pa Nkhondo Yoyamba, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo ena sadakumbukiridwe nkomwe. Nduna ya za chitetezo ya Britain pa nthawiyo, a Ben Wallace, idapepesa m'Nyumba ya Malamulo ya kwawo. M'chaka cha 2019 atolankhani adaulula chikalata chosonyeza kuti pa ndalama zothokozera asilikali Nkhondo Yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene Mwafirika wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Amene adachepetsa malipiro a munthu chotere sakadataya tulo chifukwa cha kalembedwe ka dzina lake.

Komabe onani chimene chachitika. M'mwezi wa Januwale 2025 bungwe lomwe lija lidatsegula malo a chikumbutso ku Cape Town olembedwa maina oposa 1,700 a anthu a ku South Africa amene adafa akugwira ntchito za kunkhondo, patapita zaka zoposa zana chimwalirire. Makolo adati mlandu suola. Ngati alendo ayamba kukonza mabuku awo patatha zaka zonsezi, kodi ife eni ake a malirowo tingakane bwanji kukonza athu?

Tiyerekeze banja la ku Mzilawaingwe limene gogo wawo adamenya nkhondo ku Burma, nadzamwalira ali nkhalamba. M'sutikesi yake apezamo kabuku kopumira usilikali, kolembedwa dzina limene likusiyana ndi la pa chitupa cha mkazi wake, ndiponso udindo wa msilikali wamba, pamene mudzi wonse unkamutchula kuti Sajeni. Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya zilembo chabe. Iyayi. Thandizo limene limaperekedwa kwa asilikali akale ndi akazi awo amasiye, monga lija la chakudya limene Boma la Britain lidalengeza m'chaka cha 2018 kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League, limafuna umboni woti munthuyo adatumikiradi. Maina akasiyana, mayi wokalamba amabwerera chimanjamanja. Chimodzimodzinso ndalama za penshoni ndi za imfa za asilikali a masiku ano: chilembo chimodzi chikhoza kuimitsa fayilo chaka chathunthu ana akuthamangitsidwa kusukulu. Ndipo ngakhale patakhala kuti palibe tambala yoti banja lilandire, mdzukulu ali ndi ufulu woloza chala pa kaundula wa dziko lake nkunena kuti uyu ndiye gogo wanga.

Alipo ena m'maofesi amene amakayika, ndipo nkhawa zawo sitikuzinyoza. Oyamba amati tikatsegula khomo limeneli, akathyali adzalowerapo, aliyense adzasandutsa gogo wake kukhala Sajeni Meja kuti apeze ndalama. Zoona, chinyengo chilipo, ndipo amene anganame polumbira ayenera kukaonekera kukhoti. Koma mankhwala a chinyengo ndi kufufuza mosamala. Kutseka khomo kumalanga mabanja oona mtima makumi asanu ndi anayi chifukwa cha mbala khumi. Achiwiri, makamaka osunga zikalata zakale, amati cholembedwa kale ndi mbiri, ndipo mbiri siisinthidwa. Awanso akunena zoona, ndipo yankho lake lili m'kachitidwe ka ntchitoyo.

Kachitidwe koyenera nkotere. Khadi lakale lisafufutidwe, lisapakidwe utoto woyera, lisang'ambidwe. Likhale monga lidalembedwera, pakuti ngakhale cholakwacho ndi umboni wa mmene makolo athu ankawaonera. Pambali pake paikidwe chikalata chatsopano chonena dzina lenileni, umboni umene waperekedwa, tsiku la kukonzako, ndi siginecha ya ofesala amene wavomereza, pamodzi ndi chidindo cha ofesi. Banja lipatsidwe kope lake. Wofufuza wa mawa adzapeza zonse ziwiri, ndipo adzatha kuweruza yekha.

Pa umboni, chinthu choyamba ndi nambala ya usilikali. Dzina likhoza kusokonekera, koma nambala idali ya munthu mmodzi, ndipo asilikali akale ankaikumbukira mpaka tsiku la imfa yawo. Imapezeka m'kabuku kopumira, m'makalata amene ankatumiza kumudzi, nthawi zina kuseri kwa chithunzi. Mamendulo a Nkhondo Yoyamba ali ndi nambala ndi dzina zodindidwa pa chitsulocho. Ambiri a Nkhondo Yachiwiri, monga Burma Star ndi Africa Star, adaperekedwa opanda dzina, choncho mwa iwo okha sakwanira. Umboni wina uli m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku mishoni monga Livingstonia ndi Ekwendeni, m'ziphaso zakale za msonkho, m'kalata ya mfumu ya m'mudzi yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndi m'mawu olumbira pamaso pa majisitireti. Umboni uwiri kapena utatu ukagwirizana, ofesala asachite mantha kusayina.

Nanga banja lipite kuti? Za asilikali a dziko lino chilandirire ufulu m'chaka cha 1964, pamene batalioni yoyamba ya Keyala idasanduka Malawi Rifles, eni ake ndi likulu la asilikali ku Lilongwe. Zikalata zakale za Boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, kumenenso kuli chipilala cha Keyala ndi nyumba za asilikali okalamba pafupi ndi Cobbe Barracks. Za amene adafera kunkhondo ziwiri zija, bungwe la manda lija limalandira umboni wokonzera dzina kapena kuonjezera loiwalika, koma kwa okhawo amene adamwalira isanapitirire 31 Ogasiti 1921 pa nkhondo yoyamba ndi 31 Disembala 1947 pa yachiwiri. Ndiponso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, motero wopempha kuona fayilo ya kholo lake sakupempha chisomo cha kalaliki.

Vuto ndi mtunda. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Zomba ndi makilomita oposa 600, ndipo mayi wogulitsa tomato mumsika sangayende ulendo wotere kawiri kapena katatu kuti akangouzidwa kuti bwana atuluka, mubwere mawa. Nchifukwa chake tikupempha kuti pakhale tebulo limodzi lodziwika mu Mzuzu momwemo, lolandira mapempho otere m'malo mwa maofesi onsewa. Pakhale fomu imodzi ya m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, yaulere. Wopempha apatsidwe risiti yolembedwa tsiku limene adzamve yankho. Pempho likakanidwa, chifukwa chake chilembedwe papepala, ndi kunena umboni umene ukusowa. Pepala ndilo liyende pakati pa Mzuzu, Lilongwe ndi Zomba, nkhalamba ikhale pakhomo.

Phunziro limeneli likhudzanso mabuku amene tikulemba lero. Asilikali athu adalondera njanji ya ku Nacala m'dziko la Mozambique kuyambira m'chaka cha 1987, ndipo akhala akusungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, kumene asanu ndi mmodzi adaphedwa pafupi ndi Beni m'mwezi wa Novembala 2018. Mmodzi wa iwo, malemu Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations lidapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne m'mwezi wa Meyi 2019. Dzina lake lidalembedwa bwino, ndipo dziko lonse lapansi lidalimva. Ulemu womwewo uyenera msilikali aliyense. Popeza chiyambire 2017 tili ndi chitupa cha unzika, palibenso chifukwa choti dzina la pa fayilo ya usilikali, la mkazi ndi la ana lisiyane ndi la pa chitupacho. Olemba m'makampu aziona zimenezi mwini wake akadali moyo.

Kwa inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ntchito yanu ndi yoyendera mabanja otere, pakuti ambiri sadziwa nkomwe kuti cholakwa chikhoza kukonzedwa. Auzeni asunge timabuku ndi mamendulo pamalo ouma, asagulitse kwa ogula zitsulo, ndipo ajambule tsamba lililonse ndi foni. Gwiranani manja ndi mafumu, abusa ndi bungwe la asilikali opuma. Fulumirani, chifukwa amene adali mnyamata wa zaka 18 m'chaka cha 1945 lero ali pafupi ndi zaka zana, ndipo mboni zikutha chaka ndi chaka. M'mwezi wa Novembala timavala duwa lofiira ndi kuimirira chete pokumbukira ofera kunkhondo. Nkofunika kuti pofika tsiku limenelo, nthambi iliyonse ya ku Mzilawaingwe ndi kwina konse ikhale itapereka ku ofesi ya Boma mndandanda wa asilikali akale a m'dera lake, maina awo ndi manambala awo, olembedwa molondola.