Mawu a pa Wailesi Alembedwe

Ku Migowi ndi ku Chiringa, m'boma la Phalombe, akuluakulu akali kukumbukira liwu la Smart Likhaya Mbewe m'sewero la Kapalepale pa wailesi ya MBC. Koma mwana wobadwa lero adzalimva kuti? Mawu a pa wailesi amauluka ndi mphepo. John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo nkhaniyo ikali kuwerengedwa chifukwa ili m'buku.

Ena amati wosewera pa wailesi asavutike ndi cholembera, pakuti ntchito yake ndiyo kuseketsa anthu. Amenewa alakwa ndithu. Munthu wophunzira kuwerenga atakula asowa mabuku a m'chinenero chake, ndipo wodziwa kukometsa mawu pakamwa ndiye woyenera kumlembera. Akapanda kulemba, nzeru zake zidzaikidwa naye m'manda.