Nanga Wamkulu wa kwa Kaliyeka Akaphunzire Kuti?

Pali bodza limene ife ophunzira timalikonda, loti umbuli ndi matenda a kumudzi. Tikamva za munthu wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, maganizo athu amathamangira kwa gogo wa ku Dowa kapena ku Mchinji amene akusinja pamtondo. Mumzinda, timatero, muli magetsi, nyuzipepala ndi masukulu ponseponse. Amene sadaphunzire muno adachita kufuna. Bodza limeneli ndi lokoma pakuti limatichotsera mlandu. Koma kwerani minibasi ya kwa Kaliyeka, mutsike pamsika, muone anthu angati amene meseji ikalowa pafoni amayamba kusakasaka mwana woti awawerengere.

Lilongwe adakhala likulu la dziko lino mu 1975. Pa kalembera wa 1977 mumzindawu munalibe anthu okwana 100,000; pa kalembera wa 2018 adapezeka pafupifupi 990,000. Kodi khamu lonseli lidabwera ndi masatifiketi m'thumba? Ambiri adabwera ndi mkeka ndi kathumba ka ufa, kuthawa njala, kuchepa kwa minda ndi utenanti wa m'maesiteti a fodya. Ojambula mapu a likulu adaika maofesi ku Capital Hill, nyumba za mabwana ku Area 10 ndi Area 43, mafakitale ku Kanengo. Manja osesa maofesiwo, olondera nyumbazo ndi osenza mabelo a fodya adakaunjikana ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, kwa Mgona, kwa Kaliyeka. Mzinda udafuna misana yawo. Za mitu yawo palibe adafunsa.

Wina ayankha msanga kuti boma lili ndi sukulu za kwacha. Zoona, ndipo amene adaziyambitsa m'dziko lonse mu 1986 ndimawavulira chipewa. Koma sukulu ya kwacha idasokedwa pa msinkhu wa mlimi. Buku lake lotchuka, Chuma ndi Moyo, limayankhula ndi munthu wa munda, nkhokwe ndi khola. Nthawi yake ndi masana, mlimi ataweruka kumunda. Tsono masana a kwa Kaliyeka ndi a yani? Mayi wogulitsa tomato akachoka pabenchi pake maola awiri, ana ake agona ndi njala. Mlonda ali mtulo, pakuti usiku wonse anali pageti pa bwana. Mtsikana wantchito ali ku Area 47, akuchapa zovala za ana a eni. Wakabaza ali pamsewu, akupalasa kuti akwanitse ndalama ya mwini njinga. Anthu awa sadakane sukulu. Sukulu ndiyo idasankha ola limene iwo kulibe.

Ndipo akadati apite, akadapezako chiyani? Wa m'tauni sakufunsa za katalikirana ka mizere ya chimanga. Akufuna kuwerenga pepala limene mwini nyumba wamusainitsa. Akufuna kudziwa kuti ngongole ya katapila ikamati chiwongoladzanja chakuti pamwezi, pakutha pa chaka idzakhala itamudya zingati. Akufuna kutumiza yekha ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, osapereka nambala yake yachinsinsi kwa mnyamata wa pakanyumba. Akufuna Chingerezi chokwanira kudzaza fomu ya ntchito. Amene wapirira miyezi khumi ya sukulu ya kwacha amayesedwa wofanana ndi mwana wa Sitandade 4, ndipo kwa ambiri msewu umathera pomwepo. Bambo wa ndevu zake akafuna kupitiriza, akakhale pansi ndi ana a zaka khumi, ena mwa iwo anzake a mwana wake? Nchifukwa chake m'makalasi amenewa mumadzaza amayi, abambo nkumazemba. Timawaseka kuti ndi onyada. Ine ndikuti adawerengera bwino: manyazi ndi aakulu, phindu silikuoneka.

Tisaiwalenso kuti sukulu zimenezi sadaziike m'manja mwa unduna wa zamaphunziro. Adazipereka ku nthambi ya chitukuko cha m'madera, ndipo aphunzitsi ake ndi ongodzipereka, olandira kangachepe. Dziko likamalipira mphunzitsi ngati likumuthokoza pomuthandiza kutula mtolo, latiuza kale mtengo umene laika pa wophunzirayo.

Khomo lina lidalipo. Mu 1965 kudakhazikitsidwa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education. Makalaliki, mamesenjala ndi aphunzitsi ambiri a m'badwo wa makolo athu adakwera makwerero amenewo, kuwerenga mapepala a maphunziro pa nyali ya koloboyi ataweruka kuntchito. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ake ophunzirira adasandutsidwa ma Community Day Secondary School. Ana adapindula, sindikana. Wamkulu adatsala ndi masukulu otchedwa "open", amene amafuna fizi ya teremu iliyonse ndiponso munthu amene adamaliza kale pulaimale. Amene adalekezera Sitandade 5 sakumudziwa.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi cha amisiri. Pitani ku Biwi Triangle mukaone mnyamata amene amamasula injini yonse ya galimoto nkuimanganso, galimotoyo nkulira. Pitani ku Mchesi mukaone mipando ndi makabati amene amakakongoletsa nyumba za ku Area 43 komwe. Anthu amenewa adaphunzira, zaka zisanu, zaka khumi, pansi pa mmisiri wamkulu, ndi mafuta m'zikhadabo. Lilongwe Technical College ili pafupi pomwepo, Don Bosco ili ku Area 23, koma pa maphunziro ake akuluakulu mlonda wa pakhomo ndi MSCE. TEVETA, imene idakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira yoyesera luso la munthu amene adaphunzirira pantchito nkumupatsa pepala. Njira yabwino zedi. Koma uthenga wake ukamalembedwa m'Chingerezi m'nyuzipepala, wafikira yani? Makaniko wathu amakhalabe "wa pansi pa mtengo", ndipo kampani ikafuna wokonza magalimoto ake imalemba wa satifiketi, amene madzulo amabwera mwakachetechete ku Biwi kudzafunsa chimene chavuta.

Tsono mverani za m'badwo umene tidaunamiza. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana a sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni kufika kupitirira 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Tidaomba m'manja, ndipo kunali koyenera. Koma anawo adakapeza makalasi a pansi pa mitengo, mphunzitsi mmodzi pa ana oposa zana, aphunzitsi ena ongophunzitsidwa masabata ochepa. Ochuluka adasiyira panjira asanagwire bwino pensulo. Mwana amene adalowa Sitandade 1 chaka chimenecho lero wapitirira zaka 35. Ndiye wakabaza uja, ndiye mayi wa tomato uja. M'mabuku a boma adalembedwa kuti adapita kusukulu, choncho palibe amamuwerengera pakati pa ofunika thandizo. Dziko lidamulonjeza maphunziro, lidamupatsa mpando wa njerwa, ndipo lero likuti nthawi yake idatha.

Kusalidwa kwa munthu wotere sikuchita phokoso. Palibe amamuthamangitsa. Kungoti pamsonkhano wa makolo kusukulu amakhala kumbuyo. Ku banki m'khonde amasonkha ndalama zake koma buku amasunga ndi wina, ndipo akauzidwa kuti masamu atero, amangoti zikomo. Pakomiti ya chitukuko sangakhale mlembi. Kuchipatala amalandira mankhwala, nkuloweza pamtima zimene wauzidwa pazenera pakuti zolembedwa pakathumbapo ndi mizere chabe. Posaina amatambasula chala chachikulu, maso ali pansi. Andale amamukumbuka kamodzi pa zaka zisanu, pakuti pa pepala lovotera pali zithunzi.

Ndikudziwa yankho la akuluakulu: ndalama zilibe, ndipo zochepa zimene zilipo ziyambe zapita kwa ana. Kodi anawo akaweruka amapita kwa yani? Mwana wa Sitandade 3 akabwera ndi ntchito ya kunyumba, kholo losawerenga lingamuthandize bwanji, lingadziwe bwanji kuti mwanayo akungojambula zilembo osazimva? Tanzania sinali yolemera kuposa ife pamene Julius Nyerere adalengeza 1970 kukhala chaka cha maphunziro a akuluakulu, natsegula masukulu a pulaimale kuti makolo aziphunziramo ana akachoka. Ife takhala tikutumiza nthumwi kumisonkhano. UNESCO idayambitsa mgwirizano wa mizinda yophunzira. Mu 2022 maiko adakumana ku Marrakech nkugwirizananso kuti munthu aziphunzira moyo wake wonse. Mapepala alipo, olembedwa bwino, ndipo amagona m'makabati ku Capital Hill, ulendo wa minibasi ziwiri kuchokera kwa Kaliyeka.

Chimene ndikupempha sichifuna nyumba yatsopano ngakhale imodzi. Masukulu a pulaimale alipo kale kwa Kaliyeka, ku Kawale, kwa Chinsapo ndi ku Area 25. Dzuwa likalowa mabolodi ake amangoyang'anizana ndi mdima. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi unduna wa zamaphunziro atsegule makalasi awiri pa sukulu iliyonse kuyambira 6 koloko mpaka 8 koloko madzulo, aikemo nyali za sola. Aphunzitsi asakhale opemphedwa chifundo: tili ndi achinyamata amene adamaliza makoleji a uphunzitsi nkukhala zaka akudikira kulembedwa ntchito, alembedwe, alipidwe ngati aphunzitsi. Ndipo makwererowo akhale athunthu, kuti wolowera pa a, e, i, o, u adziwe kuti njira yake ikukafika ku mayeso a Sitandade 8, ku MSCE, kapena ku pepala la TEVETA, osakhalanso pabenchi limodzi ndi mwana wake. National Library Service ili ku City Centre, kumene wa kwa Mgona safikako; bokosi limodzi la mabuku a Chichewa lingathe kukwera njinga.

Inu anzanga a m'gulu lino la alembi, timadandaula tsiku ndi tsiku kuti Amalawi sawerenga, kuti ndakatulo zathu zimangozungulira pakati pa ife tokha makumi awiri. Ngongole imene ikutiphunzitsa pano ikuchokera ku msonkho umene mayi wa tomato amalipira pa sopo ndi pa mayunitsi a foni. Tchuthi chikubwerachi ambiri a ife tikakhala ku Area 23 ndi ku Kawale komweko, tikudya nsima ya makolo, miyezi iwiri yathunthu. Mfumu ya dera ilipo, mphunzitsi wamkulu ali ndi makiyi, ndipo choko amagulitsa pa golosale.