Khanda Losatuluka M'chikuta Nalonso Liŵerengedwe

Mwezi uno tikambirane za funso limene limamveka lapafupi pakamwa, koma limalemera pamtima: "Kodi munabereka ana angati?"

Kumapeto kwa chaka cha 2015, mnansi wanga kuno ku Area 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi, analandira mlendo. Anali mtsikana wotumidwa ndi ofesi yoona za chiŵerengero ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, pakuti nyumba ya mnzangayo inali imodzi mwa zosankhidwa pa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse. Anakhala aŵiriŵiri kuseri kwa nyumba, popeza mafunso otere safunsidwa pagulu, ndipo zimene ndilemba pano anandiuza mwini wake madzulo ake tikusankha nyemba.

Atafunsidwa za ana, anayankha mosazengereza kuti anayi. Mtsikanayo anafunsanso mofatsa, nati, "Pepani amayi, kodi panalibe wina amene anabadwa nalira, ngakhale kamphindi chabe, kenaka n'kutisiya?" Mnzanga anakhala chete. Analipo, wamwamuna, amene anakhala masiku atatu okha. Anamwalirira kunyumba asanapatsidwe dzina, ndipo anakamuika amayi okhaokha, popanda kulira maliro, monga mwa mwambo wathu. "Mwanangu," anatero, "ameneyo sitimuŵerenga."

Mwambo umenewu sindiunyoza ayi. Makolo athu anaona makanda ambiri akufa, ndipo anapeza njira yakuti mayi asasweke mtima kotheratu. Koma mtsikana uja anali ndi chifukwa chofunsira kaŵiri, ndipo chifukwacho chikutikhudza tonse.

M'mwezi wa September chaka chomwecho, maiko a m'bungwe la United Nations, Malaŵi ali pomwepo, anagwirizana ku New York pa zolinga 17 za chitukuko, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Cholinga chachitatu nchokhudza umoyo, ndipo mwa zina chimati pa ana 1,000 obadwa amoyo, omwalira asanakwanitse zaka zisanu asapitirire 25, ndipo omwalira m'mwezi woyamba asapitirire 12. Boma lathu linakapereka malipoti a m'mene tikuyendera m'zaka za 2020 ndi 2022. Tsono manambala a m'malipoti otere amachokera kuti? Palibe munthu wa ku New York amene amayendera manda a makanda. Ambiri mwa manambalawo amabadwira pakhonde, m'mayankho a amayi a zaka 15 mpaka 49, amene amafunsidwa za mwana aliyense amene anabereka.

Taonani zimene mayankhowo anationetsa. Kafukufuku woyamba wa mtundu umenewu, wa 1992, anapeza kuti pa ana 1,000, okwana 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016, womwe uja unafika kwa mnansi wanga, anapeza 63. Imeneyi ndi ntchito yaikulu, ndipo katemera, masikito ndi maulendo a amayi opita kusikelo ali ndi gawo lawo. Komatu imfa za m'mwezi woyamba zinatsika pang'ono chabe, kuchoka pa 41 kufika pa 27. Ndiko kunena kuti mwa ana asanu alionse amene ankamwalira pa nthaŵiyo, oposa aŵiri anali makanda a m'mwezi woyamba, ena a iwo asanatuluke n'komwe m'chikuta. Pamene pali vuto louma ndi pomwenso mwambo umatitseka pakamwa.

Khanda lotere likasoŵa m'kaundula, chiŵerengero chimakongola, ndipo amene amagaŵa ndalama ku Capital Hill amaona ngati zinthu zili bwino kuposa m'mene zilili. Anamwino a makanda, zipangizo zothandiza kupuma, malo osungirako ana obadwa masiku asanakwane, ngakhale ulendo wa mlangizi wa zaumoyo wodzaona mayi m'sabata yoyamba, zonsezi zimapemphedwa ndi manambala. Mwana wosalira sathandizidwa. Nanga bwanji amene ife eni tamubisa?

Pali china chimene chimandivuta, ndipo ndichinene. Kafukufuku wotere safika nyumba iliyonse. Amasankha nyumba zoŵerengeka, kotero kuti angatiuze za dziko, za chigawo, ngakhale za boma la Lilongwe, koma sangatiuze za Mgona payekha, kapena Chinsapo, kapena Area 25. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno. M'chiŵerengero cha m'tauni, mwana wa ku Area 10 ndi mwana wa m'kachipinda ka lendi ku Mgona amaphikidwa mumphika umodzi, ndipo wina amaphimba mnzake. Amene akhoza kutisiyanitsa ndi mabuku a zipatala zathu, monga cha Area 25, m'mene amalemba aliyense wobadwira pomwepo natumiza malipoti mwezi ndi mwezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Koma khanda lotuluka m'chipatala lili bwino, n'kukafera kunyumba tsiku lachitatu, bukulo limalidziŵa ngati lamoyo, pokhapokha wina atakanena. Lamulo la kalembera wa nzika, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti kubadwa ndi imfa zomwe zilembetsedwe ku National Registration Bureau. Amayi amene timapita kukaika makanda, mmodzi wa ife akhoza kudzera kwa mfumu ndi kwa mlangizi wa zaumoyo pobwerera, mwakachetechete, popanda kuswa mwambo uliwonse.

Ndinamufunsa mnansi wanga kuti nkhani yawo inatha bwanji. Anati mtsikana uja sanamukakamize, anangodikira. Potsiriza iye anatchula mwezi ndi chaka, zimene anali asanazitchulepo kwa wina aliyense, ngakhale kwa ana ake omwe. Mtsikanayo anafafaniza anayi, nalemba asanu.